Foni ikuthandizeni kuchepetsa thupi, koma manambala ake muziwasefa

Anthu ambiri akaganiza zochepetsa thupi amaika mapulogalamu anayi kapena asanu pafoni tsiku limodzi, ndipo pakatha milungu iwiri palibe ndi imodzi yomwe imene akuitsegula. Inu yambani ndi imodzi, mwinanso ili kale m'foni mwanu: Samsung Health pa mafoni a Samsung, kapena Health pa iPhone. Mapulogalamuwa amawerenga masitepe pogwiritsa ntchito kachipangizo ka m'foni kotchedwa accelerometer, kamene kamamva kugwedezeka kwa thupi mukamaponda pansi. Ndiye foni izikhala m'thumba la chovala chanu. Ikatsala patebulo, ngakhale muzungulire nyumba tsiku lonse, idzalemba kuti munangokhala.

Mlungu woyamba musasinthe kalikonse. Yendani monga mwa masiku onse kuti mudziwe pamene muli. Mukapeza kuti mumaponda masitepe 3,000 patsiku, onjezani 1,000 mlungu wotsatira, thupi likazolowera muonjezenso. Musadzizunze ndi 10,000 amene mapulogalamu ambiri amaika ngati chandamale. Nambalayi inatchuka ku Japan mu 1965, pamene kampani ya Yamasa inkatsatsa kamakina kake kowerengera masitepe kotchedwa Manpo-kei. Malangizo amene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2020 amawerenga mphindi: munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi zomupangitsa kupuma mofulumirirapo kwa mphindi 150 mpaka 300 pamlungu, kuphatikizapo zolimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo. Kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu kwakwanitsa kale 150.

Pamene foni imathandiza kwambiri, kwa ine, ndi pa kulemba zimene mwadya. Mapulogalamu ngati MyFitnessPal amakulolani kulemba chakudya chilichonse n'kukuuzani makalori ake, omwe ndi muyeso wa mphamvu imene chakudyacho chimapatsa thupi. Lembani nthawi yomweyo, mbale isanachoke patsogolo panu, chifukwa zolemba usiku pogona zimaiwala dala. Zimene anthu amadumpha ndi zomwe zija zonenepetsa: mafuta ophikira, shuga wa mu zakumwa, mowa, ndi timene timatola podutsa kukhitchini. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ili ndi makalori pafupifupi 120. Chitini cha chakumwa chozizilitsa kukhosi cha 330 ml chili ndi pafupifupi 140, pomwe munthu wolemera makilogalamu 70 akayenda ndawala theka la ola amawotcha pafupifupi 150 basi. Thukuta la theka la ola limabwezedwa ndi chitini chimodzi.

Apa ndiye musamale. Pulogalamu ikakuuzani kuti lero mwawotcha makalori 500, nambalayo yangoyerekeza potengera kutalika, zaka ndi kulemera kumene munalembamo. Sinapime thupi lanu. Ena mwa mapulogalamuwa amatenga nambalayo n'kuiwonjezera pa chakudya chimene mukuloledwa tsikulo, munthu n'kumadya mosangalala koma sikelo osasuntha. Ngati pulogalamu yanu ili ndi pozimitsira zimenezi, zimitsani. Komanso makalori a zakudya zambiri m'mapulogalamuwa analembedwa ndi anthu wamba ogwiritsa ntchito pulogalamuyo, moti chakudya chimodzi mungachipeze ndi manambala atatu osiyana. Cha m'paketi muzifananiza ndi zolembedwa papaketipo, ndipo chophika nokha muzilemba zimene mwathiramo chimodzichimodzi.

Pasikelo kwerani kamodzi pamlungu, m'mawa mutachoka kuchimbudzi musanadye, pa sikelo yomweyomweyo. Thupi limatha kusintha ndi kilogalamu imodzi kapena ziwiri m'tsiku limodzi chifukwa cha madzi ndi mchere, choncho yang'anani mzere wa mwezi wonse umene pulogalamu ikujambula, osati nambala ya lero. Kutsika theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pamlungu n'kokwanira. Muziyezanso pamimba ndi tepi: kuzungulira kwake kusafike theka la kutalika kwanu, ndiye wamtali masentimita 170 akhale pansi pa 85. Pulogalamu yolonjeza kuchotsa makilogalamu 10 m'milungu iwiri, kapena yokakamiza kugula mapiritsi ndi tiyi wosungunula mafuta, ichotseni.

Zambiri zimene mukufuna zili m'gawo laulere, ndipo samalani ndi zoti yesani kwaulere masiku angapo, chifukwa masikuwo akatha ndalama zimayamba kudulidwa zokha ngati simunaletse. Zinsinsi zanunso muzisunge. Mu 2018 akuba pa intaneti anatenga zokhudza maakaunti pafupifupi 150 miliyoni a MyFitnessPal, ndipo chaka chomwecho mapu a Strava, pulogalamu yolemba njira zimene anthu amathamangamo, anaonetsa poyera malo a asilikali chifukwa cha njira zimene iwo ankathamangamo. Mukamagwiritsa ntchito GPS, yomwe imaonetsa malo amene foni ili, bisani poyambira ndi pothera ulendo wanu kuti aliyense asadziwe khomo lanu, ndipo pasiwedi ya pulogalamuyi isakhale yofanana ndi ya imelo.

Odwala matenda a shuga, a mtima kapena kuthamanga kwa magazi, komanso amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, aonane kaye ndi achipatala asanatsatire makalori amene foni yawapatsa. Womwa mankhwala otsitsa shuga akachepetsa chakudya mwadzidzidzi, shuga amatha kutsika kwambiri mpaka kukomoka. Ana asawerengedwe makalori popanda malangizo a dokotala. Ndipo mukaona kuti mwayamba kuopa chakudya, kapena kudumpha dala nkhomaliro kuti manambala aoneke bwino, siyani kulemba zakudya, mutsale ndi masitepe okha, ndipo kafotokozeni kuchipatala.