Banja la amishonale: kukonzekera kukacheza kwanu

Mwafunsa poyambira pokonzekera ulendo wokaona kwanu, muli ndi ana kudziko lomwe mukutumikira.

Sonkhanitsani kaye mapasipoti a aliyense, zikalata za kubadwa kwa ana, makadi a katemera ndi chilolezo cha bungwe lomwe linakutumani.

1. Onani tsiku lomwe pasipoti iliyonse ithere. Mayiko ambiri amafuna kuti patsale miyezi 6, ndipo za ana zimatha msanga m'mayiko ena.
2. Funsani ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka ngati chilolezo chanu chokhalira m'dzikomo chidzakhale chikugwirabe ntchito pobwerera. Ambiri amalakwitsa apa: amathamangira matikiti, chilolezo n'kuwathera ali kwawo. Chikonzeni musananyamuke.
3. Kenako gulani matikiti.
4. Sankhani wogwirizira ntchito yanu, mum'lembere zonse, makamaka za ndalama.
5. Gwirizanani masiku ndi mipingo yomwe imakuthandizani, koma sabata yoyamba ikhale yopuma. Musadzaze Lamulungu lililonse.
6. Khalani pansi ndi ana. Kumene inu mukuti kwathu, kwa iwo n'kuchilendo. Aonetseni zithunzi za achibale, muwauze tsiku lobwerera, ndipo muwapatse mpata wotsanzikana ndi anzawo.