Mukamatenga mlendo ku mzikiti koyamba

Mnzanga amene timagulitsa naye kaunjika ku Limbe anandivutitsa miyezi ingapo kuti ndimuuze zomwe timakachita Lachisanu masana ndikatseka benchi. Tsiku lina ndinamutenga, koma titafika ndinamusiya pakhomo n'kuthamangira kumipopi kukachita udhu (kusamba kodziyeretsa tisanapemphere). Iye analowa ndi nsapato mpaka pa kapeti, mkulu wina n'kumukalipira pamaso pa anthu. Chinatha chaka asanavomere kubweranso. Wolakwa ndinali ine.

Choncho mlendo wanu muuzeni zonse mudakali m'njira: nsapato zimatsala panja, foni izimitsidwe, ndipo imamu (wotsogolera mapemphero) akayamba khutba (ulaliki wa Lachisanu) palibe kuyankhula, ngakhale kunong'ona. Ngati ndi mayi, mupezereni mayi mnzake womulandira kumbali ya azimayi, ndipo mpango mutenge ndinu. Musadikire kuti akachite manyazi pakhomo.

Mkati mukhazikeni kumbuyo, chakukhoma, aziona. Simuyenera kumukokera pamzere wa swala (mapemphero). Ine ndimakonda kuyamba ndi swala ya Asr (ya chakumadzulo) kapena Isha (ya usiku) pakati pa sabata, anthu ali ochepa ndipo shehe ali ndi mpata wocheza. Lachisanu khamu limachititsa mantha.

Mafunso amabwera potuluka, ndipo nthawi zambiri ndi omwewo. Kodi Chisilamu si cha Ayao? Muyankheni mosakwiya, chifukwa funsoli lili ndi pochokera: chinafika kuno ndi amalonda a kugombe la Indian Ocean, n'kuzika mizu ku Nkhotakota ndi pakati pa Ayao a ku Mangochi ndi Machinga. Koma pamzere umodzi aone yekha Mchewa, Mlomwe ndi Mmwenye mapewa atagundana. Kodi Yesu mumamukana? Muuzeni kuti timamutcha Isa, ndi mneneri wolemekezeka, ndipo surah (mutu) 19 ya Qur'an ili ndi dzina la mayi ake, Maryam. Musanyoze tchalitchi cha mlendo wanuyo. Kumeneko kuli amayi ake omubereka. Funso likakukulirani, nenani kuti tikafunse ashehe, osapeka.

Apa ndiye pamene ambirife timapupuluma. Munthu wangofunsa kawiri, ife tayamba kale kumukankhira ku shahada, mawu a umboni omwe munthu amanena polowa Chisilamu. Surah 2 ndime 256 imaletsa kukakamiza munthu pa chipembedzo. Mubwerekeni Qur'an yotanthauziridwa m'Chichewa, mumuuze za Radio Islam, kenako mumuleke aganize. Ena amangofuna kumvetsa apongozi awo, basi.

Akasankha yekha kulowa, musamuunjikire zonse tsiku limodzi. Ayambe ndi udhu, kenako Al-Fatiha, surah yoyamba ya Qur'an, ndime 7 zokha, mutamulembera m'zilembo zomwe amatha kuwerenga. Swala zisanu pa tsiku zili ndi marakaa 17 (magawo oima, kuwerama ndi kugwetsa nkhope pansi), ndipo adzazigwira poima pambali panu, osati pomuwerengera malamulo. Dzina lake ngati lilibe tanthauzo loipa, asakakamizidwe kulisintha. Munthu wamkulu musamukhazike ku madrasa pamodzi ndi ana a zaka zisanu ndi ziwiri. Mupezereni nthawi yakeyake ikatha swala ya Maghrib, ya dzuwa litangolowa.

Tsiku la shahada anthu amafuula takbir (Allahu Akbar) n'kumukumbatira, koma sabata yotsatira palibe womuimbira foni. Kwawo mwina amukwiyira. Ramadhani ikafika, iye alibe womudzutsa kudya dakwi, ndipo dzuwa likalowa amamasula yekha. Muikireni mbale pa futari yanu, ndipo pa Eid mukamutenge m'mamawa musananyamuke.