Kusamalira Mkamwa Mukaikidwa Dzino la Implant

Implant ndi kachitsulo ka titanium kooneka ngati sikuluwu, kamene dokotala wa mano amakalowetsa m'fupa la nsagwada kuti kakhale muzu wa dzino loikirira. Tsiku la opaleshoni kamangogwira ndi mazinga ake. Kulimba kwenikweni kumabwera fupa likamera n'kukagwira, ndipo zimenezi zimatenga miyezi 3 mpaka 6. Nsagwada ya m'mwamba imachedwerapo chifukwa fupa lake ndi lofewa. Ululu umatha msanga, koma fupa limakhala lisanamalize ntchito, ndiye apa ndi pamene ambiri amalakwitsa.

Mukangotuluka m'chipinda cha dokotala, lumani thonje limene wakuikirani kwa mphindi 30 mpaka 45, osalankhula, osalitafuna. Magazi akamatulukabe, ikani lina loyera lonyowetsedwa pang'ono n'kulumanso. Malovu ofiirira tsiku loyamba asakuopseni. Kwa maola 24 musachukuche mkamwa, musalavule mwamphamvu, musamwe chakumwa ndi kapaipi. Zonsezi zimazula magazi amene aundana pachilonda, pamene magaziwo ndi amene akuphimba ndi kuteteza malowo. Lilime ndi zala zisapiteko.

Kutupa kumafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, kenako kumayamba kuphwa. Kulungani ayisi m'kansalu, muike patsaya mphindi 15, muchotse mphindi 15, mobwereza tsiku loyamba ndi lachiwiri. Gonani mutu uli pamitsamiro iwiri, ndipo siyani kaye kulima, kunyamula katundu ndi masewera olimbitsa thupi kwa masiku awiri kapena atatu, chifukwa magazi akathamanga chilonda chimayambanso kuchucha.

Imwani mankhwala a ululu dzanzi la jakisoni wa dokotala lisanathe. Munthu wamkulu akhoza kumwa mapiritsi awiri a panado a 500mg maola 6 alionse, osapitirira 8 pa tsiku. Ibuprofen amachepetsa kutupa ndipo amamwedwa mutadya, koma si wa munthu wa zilonda za m'mimba, wa vuto la impso, woyembekezera kapena womwa mankhwala oletsa magazi kuundana. Aspirin musadzigulire nokha, amachulukitsa kutuluka kwa magazi. Ngati anakulemberani kuchipatala, musamusiye musanafunse dokotala. Maantibayotiki, ngati mwapatsidwa, mumalize onse.

Pa chakudya, dikirani dzanzi lithe kuti musadzilume tsaya kapena kudziotcha. Sabata yoyamba idyani zofewa ndi zofunda chabe: phala, mazira, mapeyala, nthochi, yogati, mbatata yoponda, nsomba yochotsa minga. Nsima yofewa ndi yabwino ikazizirako. Tafunirani mbali inayo. Nzimbe, mtedza, chimanga chootcha ndi nyama yolimba zidikire mpaka dokotala atakulolani, ngakhale pasakuwawa. Kachitsulo kakamagwedezeka pang'onopang'ono fupa lisanakagwire, thupi limakakuta ndi mnofu wofewa m'malo mwa fupa, ndipo zikatero kamayenera kuchotsedwa. Ngati muli ndi mano ovula, musawavale mopanikiza chilonda dokotala asanawakonze.

Kuyambira tsiku lachiwiri, sungunulani theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu ya madzi ofunda. Muvumate, mupendeketse mutu pang'onopang'ono, kenako madziwo angotuluka okha. Chitani zimenezi katatu kapena kanayi pa tsiku, makamaka mukadya. Mano enawo muzitsuka ndi mswachi wofewa, molambalala pamene pali ulusi wosokera chilonda. Ulusi wina umasungunuka wokha, wina amauchotsa pakatha masiku 7 mpaka 14. Amene anaonjezeredwa fupa kumtunda, pafupi ndi mphako za mphuno, asamine kwa milungu iwiri ndipo aziyetsemula kukamwa kuli kotsegula.

Fodya tikumuletsa mosanyengerera. Amafinya mitsempha ing'onoing'ono yopititsa magazi kunkhama ndi kufupa, chilonda chimachedwa kupola, ndipo implant ya wosuta imakanika kawirikawiri kuposa ya wosasuta. Mowa usiyeni masiku oyambawa. Odwala shuga asamale kwambiri mankhwala ndi kadyedwe, pakuti shuga wokwera amachedwetsa kupola ndipo amatsegulira tizilombo njira.

Bwererani kwa dokotala tsiku lomwelo mukaona magazi osaleka mutaluma thonje kangapo, kutupa kapena ululu woonjezereka tsiku lachitatu litadutsa, mafinya, kutentha thupi, kapena dzanzi la mlomo ndi chibwano losatha tsiku lotsatira, lomwe lingasonyeze kuti mtsempha wothandiza kumva kukhudza wavulala. Kuvutika kumeza kapena kupuma n'kothamangira kuchipatala nthawi yomweyo. Mukamva kanthu kakugwedera, musakayese ndi chala. Nthawi zambiri kamakhala kachivindikiro ka pamwamba kamene kamasuka, ndipo dokotala amangokamanga.

Dzino likaikidwa pamwamba pake silibowoka, koma nkhama ndi fupa lozungulira zimadwala zikasiyidwa ndi litsiro, ndipo fupa limadyeka popanda ululu. Tsukani kawiri pa tsiku, pitani pakati pa mano ndi ulusi wotsukira kapena kamswachi kakang'ono, ndipo kaonetseni miyezi 6 iliyonse. Nkhama zikamatuluka magazi pozungulira implant, musadikire tsiku limene anakupatsani.