Kusandutsa kagemu ka m'manja kuti kazilankhulira munthu wosalankhula

M'midzi ya ku Mulanje ndi ku Thyolo muli ana ndi akulu amene amamva zonse zimene zikukambidwa pakhomo koma mawu sawatuluka. Ena ubongo unavulala pobadwa, ena anadwala malungo aakulu ali aang'ono, ena ndi akuluakulu amene anachita sitiroko kapena anachotsedwa kholingo chifukwa cha khansa. Kawirikawiri amene amawamva ndi mayi kapena mkazi wawo yekha, ndipo iyeyo akangopita kukathyola tiyi, wotsala pakhomo amakhala ngati wamutsekera chitseko. Makina enieni olankhulira anthu otere ndi odula kwambiri. Koma kagemu kakale ka kampani ya Nintendo, kamene ana a m'tauni anakataya m'kabati, kangathe kugwira mbali yaikulu ya ntchitoyi ngati mwakakonza bwino.

Musanagule kanthu, yesani munthuyo. Ikani kapu ndi supuni patsogolo pake, mumuuze aloze kapu. Sinthani malo ake, mufunsenso kangapo. Kenako chitani chimodzimodzi ndi zithunzi, kenako ndi mawu olembedwa. Izi zikuuzani ngati adzasankha mawu powerenga kapena poona chithunzi. Sitiroko nthawi zina imawononga kumvetsa ndi kuwerenga komwe, osati lilime lokha, choncho bambo amene anali mphunzitsi angathe kulephera kuwerenga dzina lawo. Onaninso chiwalo chimene amachilamulira bwino: chala, chala chachikulu, kapena kuseri kwa dzanja. Ngati mungathe, pitani naye kwa a zolimbitsa ziwalo ku chipatala cha boma, ku Mulanje Mission kapena ku Malamulo, akuonetseni kakhazikidwe kabwino, poti munthu wokhala mopendekeka sangaloze molondola. Munthu wosamva amene amalankhula ndi manja ali kale ndi chinenero chake, ndipo njira iyi siilowa m'malo mwake.

Kusankha kagemu

Tumagemu tonse si tofanana. DS Lite ya 2006 ilibe polowetsa memori khadi, ndiye isiyeni. Zoyenera ndi DSi ya 2008, 3DS ya 2011 ndi 2DS ya 2013, chifukwa zonsezi zili ndi maikolofoni, polowetsa khadi ndi pulogalamu ya mawu imene inabwera nayo kuchokera kufakitale. Simufunika intaneti, ndipo ndi bwino choncho, poti sitolo ya pa intaneti ya DSi inatsekedwa mu 2017 ndipo ya 3DS mu 2023. Kwa mwana wa manja olimba kapena onjenjemera, 2DS ndiyo tingasankhe: siipindika, ndiye ilibe polumikizira pamene tumagemu tina timathyokera tikagwa.

Tumagemu timeneti tili ndi masikirini awiri, ndipo ubwino wake waukulu uli pa yam'munsi. Imamva kudinikiza, osati kutentha kapena kunyowa kwa khungu, choncho imagwira ntchito ndi chikhadabo, kandodo kake, ngakhale chala chimene chanyowa ndi dovu. Foni ya masiku ano dovu likagwerapo imayamba kudzidina yokha. Palinso mabatani enieni amene munthu amawamva ndi chala. Komabe tinene zoona: ngati kagemu mulibe ndipo muli ndi foni ya Android yosagwiritsa ntchito, yambani ndi foniyo. Kagemu nkabwino pamene kalipo kale kapena pamene sikirini ya foni yamukanika munthuyo.

Pogula kakale, kayatseni pomwepo. Kochokera ku Japan kamalemba Chijapanizi chokhachokha ndipo simungakasinthe. Onani ngati mwini wake wakale sanatseke zina ndi nambala yachinsinsi. Dinani ngodya zonse zinayi za sikirini. Tsegulani kachivindikiro ka batire: ngati latupa ngati chitumbuwa, lichotseni, musalichaje. Pogula lina, dziwani kuti la DSi ndi la 840 mAh, la 3DS yaing'ono ndi 2DS ndi la 1300 mAh.

Ngozi imene imapha tumagemu tambiri ndi chaja. Machaja a Nintendo a ku America ndi ku Japan anapangidwira magetsi a mavoti 100 mpaka 120, pamene a ESCOM ndi 230. Mukangosintha mapulagi n'kulowetsa pakhoma, chaja imapsa nthawi yomweyo. Werengani kuseri kwake pamene palembedwa Input. Njira yabwino ndi kupeza kawaya ka USB ka tumagemu timeneti. DSi, 3DS ndi 2DS zimagwiritsa kamodzimodzi, ndipo mungachaje pa sola kapena pa power bank magetsi akazima.

Mawu achokere kuti

Pali njira ziwiri, ndipo yoyamba ndiyo imaposa pa Chichewa: kujambula mawu a munthu. Pa DSi tsegulani Nintendo DSi Sound. Ili ndi malo 18 ojambulamo, aliwonse a masekondi 10, ndipo kwa woyamba kumene amenewa ndi okwanira. Wojambulidwa akhale wa msinkhu wofanana ndi mwini kagemu, wamwamuna kapena wamkazi monga iye. Mnyamata wa zaka 12 asalankhule ndi mawu a mayi ake. Pemphani msuweni wake. Agogo aamuna awajambulire mnzawo wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wolankhula monga amalankhulira a kumeneko, ndipo ngati pakhomopo moni amapatsana m'Chilomwe, jambulani moni wa Chilomwe womwewo. Jambulirani m'chipinda chokhala ndi zofunda ndi makatani, pakamwa patalikirane ndi maikolofoni ngati chikhatho chimodzi. Mvula ikamagwa pa malata, dikirani ikate. Munthu amene matenda ake akumutsitsa mawu pang'onopang'ono, kapena amene akudikira opaleshoni ya pakhosi, ajambule mawu ake a iye mwini tsopano, asanathe.

Njira yachiwiri ndi mawu opangidwa ndi kompyuta. Imathandiza pamene ziganizo zachuluka, kapena pamene munthu akufuna kunena zinthu zimene sangafune kuti wachibale amujambulire. Kagemuko sikapanga mawu. Mumawapanga pa laputopu n'kuwasamutsira pa khadi. Pulogalamu yaulere ya eSpeak NG ndi yaing'ono, siifuna intaneti, ndipo ili ndi liwu la Chiswahili. Liwu limeneli limawerenga Chichewa momveka chifukwa zinenero ziwirizi zili ndi mavawelo asanu omwewo, zimatsindika phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo ng' zimamutchula mofanana. Mukaika pulogalamuyo, tsegulani polembera malamulo a kompyuta (Command Prompt kapena Terminal), mulembe:

espeak-ng -v sw -s 130 -w 01_moni.wav "Mwadzuka bwanji"

Chilembo v chikusankha liwu, s ndi liwiro, w ndi dzina la fayilo. Liwiro lake lachibadwa ndi 175, lomwe limathamanga kwambiri kwa khutu losazolowera. Pakati pa 120 ndi 140 ndi pabwino. Kuti liwu likwere ngati la mwana kapena la mayi, onjezani -p 70, poti lachibadwa ndi 50 ndipo malire ndi 99.

Apa ndi pamene pamafunika kuleza mtima, chifukwa Chiswahili si Chichewa. Aswahili amatchula th lilime lili pakati pa mano, choncho thupi, thandizo ndi ndathokoza zimatuluka zachilendo. Lembani tupi ndi tandizo, zimveka pafupi ndi zathu. Koma mukachotsa mpweya umene h amaimira, mawu ena amasintha tanthauzo: phala limasanduka pala. Mankhwala ake ndi kusasiya liwu palokha. "Ndikufuna phala, ndili ndi njala" aliyense amva ngakhale makina atalakwitsa. Chimodzimodzi kukweza ndi kutsitsa kwa mawu: makina sasiyanitsa mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga, ndiye m'malo mwa "Mtengo?" lembani "Izi mukugulitsa ndalama zingati?" Chiganizo chilichonse chimvetsereni munthu amene sanaone zimene mwalemba. Akafunsa kuti chati chiyani, sinthani kalembedwe kapena chijambuleni ndi pakamwa.

Fayilo imene eSpeak NG imatulutsa ndi ya WAV ya 22050 Hz, ndipo kagemu sikaiwerenga. Itseguleni mu Audacity, pulogalamu ya pa laputopu yokonzera mafayilo a mawu, muisunge pa 44100 Hz. 3DS ndi 2DS zimawerenga MP3, koma DSi imafuna AAC, ija dzina lake limathera ndi m4a, ndipo kuti Audacity isunge mtundu umenewu imafunika pulogalamu ina yoonjezera yotchedwa FFmpeg. Fayilo ikapanda kuoneka pa kagemu, nthawi zambiri vuto ndi limodzi mwa awiriwa: mtundu wa fayilo kapena nambala ya Hz. Khadi ikhale SD kapena SDHC yosapitirira 32 GB, ya FAT32. Ya 2 GB ndi yokwanira ndithu.

Pali china chimene ambiri amachizindikira mochedwa. Pulogalamu ya mawu ya pa kagemu inapangidwira nyimbo, ndiye imodzi ikatha imafuna kupita pa ina. Munthu anena "Inde", kagemu n'kupitiriza kokha kuti "Ayi". Musanasunge fayilo iliyonse, onjezani masekondi 30 a chete kumapeto kwake mu Audacity, kudzera pa Generate, kenako Silence, kuti mwini wake apeze mpata woimitsa. Mabatani a L ndi R a m'mapewa mwa kagemu amaliza timaphokoso ta ng'oma fayilo ikamaseweredwa. Ngati munthuyo amakafumbata mwamphamvu, kamangirireni pa kathabwa kapena pa thireyi ya njinga yake kuti asakagwire m'manja.

Mawu oti muikemo

Yambani ndi anayi mpaka asanu ndi limodzi, muonjezere akawazolowera. Cholakwa chofala ndi kudzaza za madzi, nsima ndi chimbudzi zokhazokha, zomwe a pakhomo amazidziwa kale popanda kuuzidwa. Zimene munthuyo sangazinene ndi maso ndi izi: "Ayi, sindikufuna", "Simunandimvetse", "Dikirani, ndili ndi mawu", "Ndisiyeni", "Wina wandipweteka". Chomalizachi musachisiye, chifukwa anthu oipa amapezerera amene sangawaneneze. Ikaninso za macheza: "Odi", "Zikomo", "Mwaswera bwanji", dzina lake ndi mudzi wake, ngakhale kufunsa mmene mpira wathera. Moni akhale wa mitundu iwiri, "Wadzuka bwanji" wa mnzake ndi "Mwadzuka bwanji agogo" wa akulu, kuti mwana asaoneke wamwano chifukwa cha makina.

Gawani mafayilo m'mafoda monga kunyumba, kusukulu, kuchipatala ndi kumsika, ndipo foda iliyonse isapitirire ziganizo 10. Dzina la fayilo liyambe ndi nambala, 01, 02, 03, ndipo mukaonjezera zatsopano muziike kumapeto. Dzanja limaloweza malo, ndiye mukasuntha "Ayi" kuchoka pachiwiri mwamubweza munthu kumayambiriro. Kwa wosawerenga, jambulani tizithunzi pa pepala motsatira mndandanda womwewo, mumate pafupi ndi sikirini.

Amene amatha kulemba ndipo akufuna kunena chilichonse chimene chabwera m'mutu, tumagemu ta Nintendo timuchepera. Iye amafunika chipangizo cha Android, kaya foni kaya kagemu ka Android, chokhala ndi eSpeak NG, n'kusankha liwu la Chiswahili lomwelo. Malangizo a th ndi ph aja amagwiranso ntchito kumeneko.

Sipika za kagemu ndi zofooka. M'nyumba zimamveka, koma pa msika wa Limbuli kapena Bvumbwe, kapena m'kalasi ya ana ambiri, palibe amene angamve. Bluetooth palibe, choncho gulani kasipika kokhala ndi polowetsa AUX ndi kawaya ka 3.5 mm, mulowetse pa mahedifoni. Tsitsani kuwala kwa sikirini: DSi ingafike maola 9 kapena kupitirira, pamene 3DS imatha pakati pa maola 3 ndi 5, ndipo batire lakale silifika pamenepo.

Chinyezi cha kuno sichisewera ndi zamagetsi. M'dzinja ndi m'masiku a chiperoni, usiku kagemu kazigona m'kontena yotseka bwino, yokhala ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato. Kakanyowa, kazimitseni, chotsani batire ndi khadi, kaume pamthunzi masiku awiri, musakayanike pamoto. Sikirini ikayamba kudina pambali pa pamene mwaloza, lowani mu System Settings muikonze pa Touch Screen. Mafayilo onse asungidwenso pa khadi ina kapena pa foni ya wachibale, ndipo m'thumba la munthuyo muzikhala pepala lokutira pulasitiki la mawu omwewo, loti aloze tsiku limene batire latha.

Pophunzitsa, inunso muzidina. Mukamupatsa tiyi, dinani "Zikomo" iye akuona. Mukamufunsa funso, werengani chamumtima mpaka 10 musanabwereze kapena kumuyankhira, poti dzanja lolumala limachedwa kufika pa batani. Akadina "Ayi" pa chinthu chotheka kuchisiya, chisiyeni, aone kuti batanilo limasintha zinthu. Ndipo chotsani katiriji ya magemu, muuze ana a pakhomo kuti kameneka sikabwerekedwa, ngakhale mwini wake atagona.