Chapani chitenje musanadule, musanamate

Chikololereni chaka chino, katundu wambiri wopangidwa ndi zitenje wabwezedwa kwa eni ake, kuyambira pa Dedza boma mpaka ku Lizulu. Zikwama zokhota pakamwa, zovundikira mapilo zoti pilo sakulowanso, malamba a gitala opotoka, ndiye kubwerenso magitala amene anyamata ayamba kuwakongoletsa pomata chitenje: pangopita milungu yochepa, nsalu ija yatuluka matuza, m'mphepete ikumatuka. Luso la opangawo ndilibe nalo mawu. Msoko ndi wowongoka, mitundu amaisankha bwino. Cholakwika n'chimodzi, ndipo chikuchitika sizasi isanakhudze n'komwe nsalu. Chitenje chikuchoka pamsika n'kulunjika pamakina kapena paguluu chisanaone madzi.

Chitenje chatsopano chimakhala chouma gwa, chonyezimira, chifukwa kufakitale amachithira sitachi ndi mankhwala ena kuti chikongole m'sitolo. Ulusi wa thonje nawo umakokedwa kwambiri poluka, ndipo tsiku loyamba kunyowa umabwerera m'malo mwake. Pa mita imodzi mutha kutaya masentimita atatu, nthawi zina asanu. Amayi ongomanga chitenje m'chiuno sangazione zimenezi. Koma inu mwachisoka pamodzi ndi nsalu ya m'kati ya poliyesitala yomwe sifupika, ndi zipi yomwenso sifupika. Wogula akachapa, kunja kumafupika, m'kati kumatsala momwe kunalili, zipi n'kuyamba kuyenda mokhotakhota. Apa palibenso simbi imene ingawongole. Muyenera kuphwasula chonse, ndipo nsalu yakunja ikhala itachepa kale.

Pa gitala ndiye zimapweteka koposa. Guluu woyera wa akalipentala ndi wamadzi. Mukamupaka n'kuyalapo chitenje chosachapa, ndiye kuti kuchapa kuja munakuthawa kukuchitikira pagitala pomwepo. Nsalu imanyowa, n'kumadzikoka pouma, m'mphepete n'kusiya mpata. Guluu wagwira sitachi, sanagwire ulusi, choncho sitachiyo ikalekerera zonse zimanyamuka. Utoto wotsalira munsalu, makamaka wofiira ndi wabuluu woderako, umayenderera kulowa m'malo oyera, ndipo maluwa amene munawadula mosamala aja amasanduka mabala. Pamwamba pake inu mwathirapo kale vanishi, mwatsekera zonse m'kati. Kuti mukonze muyenera kupala, pamene thabwa la kumaso kwa gitala n'lopyapyala, mwina mamilimita atatu basi. Mpeni ukaterereka kamodzi, gitala ya mwiniwake yabooka.

Ndinenenso pomwepa kuti kumata nsalu kumaso konse kwa gitala ine sindigwirizana nako, ngakhale chitenje chichapidwe bwanji. Thabwa limenelo ndi limene limanjenjemera n'kutulutsa mawu. Mukalilemetsa ndi guluu, nsalu ndi vanishi wokhuthala, gitala imakongola koma imalira mobanika. Woimba kwaya sabwera kwa inu kudzagula chokongoletsera khoma.

Ndikafunsa opangawo chifukwa chimene sachapira chitenje, mayankho ndi awiri omwewo chaka n'chaka. Loyamba, ati ogula akaona nsalu yochapa amati ndi ya pakaunjika. Chizolowezi chimenechi chanditopetsa. Ndikuganiza kuti chinayamba ndi atelala osoka zovala za tsiku limodzi la ukwati, pamene chofunika chinali kunyezimira pachithunzi, ndipo ophunzira awo angochitengera osafunsa. Chikwama ndi cha tsiku limodzi? Lamba wa gitala amakhala paphewa pa munthu wotuluka thukuta Lamlungu lililonse. Yankho lachiwiri, ati kuno kukuzizira, nsalu siuma. Inde, boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu Juni ndi Julayi chifunga chimatha kukhala mpaka dzuwa litakwera. Nanga mayunifolomu a ana ndi matewera mukuumitsa bwanji? Chitenje n'chopepuka kuposa bulangeti limene mumachapa nyengo yomweyino.

Bambo wina wolima mbatata ya kachewere ku Bembeke, amene m'chilimwe amakhoma mabanjo a zigubu pamene akazi awo akusoka, anandiimitsa panjira ndi nkhani yawo. Ati anakutira banjo ndi chitenje chofiira chatsopano, n'kupita nayo ku chinkhoswe cha mdzukulu wawo atavala shati yoyera yobwereka. Anaimba mpaka thukuta kamukamu. Ataika banjo pansi, amayi ena anakuwa kuti bambowa avulala, chifukwa pamimba ponse panali psuu. "Alangizi, shatiyo ndinalipira ndi ndowa ya kachewere," anatero, kenako n'kuyamba kundifunsa za mankhwala a chiwawu, nkhani yosandikhudza, mpaka ndinachita kuwalozera kwa anzanga a zaulimi. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti bambo omwewa sangabzale mbatata isanatulutse maso. Amadikira milungu osadandaula. Koma kudikira tsiku limodzi kuti chitenje chiume, ati n'kutaya nthawi.

Werengerani zimene zikutayika. Nsalu, zipi, ulusi, guluu, vanishi, zonse zakwera mtengo, ndipo chinthu chikabwezedwa mumazigula kawiri. Onjezani masiku amene munakhala pamakina. Koma chachikulu ndi dzina. Ogula athu ambiri ndi oyenda pa msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, ndipo amene wadutsa lero adzadutsanso mwezi wamawa. Ena ndi alendo amene angochokera ku Dedza Pottery kumene amaumba ziwiya zadothi, kapena ku Mua kumene malo a zachikhalidwe a Kungoni akhala akuphunzitsa osema ndi ojambula kuyambira 1976, kapena kumapanga a Chongoni okhala ndi zithunzi zamakedzana zapamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wake mu 2006. Maso awo aona ntchito yolimba tsiku lomwelo, ndiye chikwama chanu amachiyeza ndi zimenezo. Kwaya imene yaodetsa malamba ndi zikwama za magitala ikakhumudwa sikhumudwa yokha, imauza makwaya onse a m'parishi kapena a pasiteshoni. Tsopano Umhlangano, mwambo wa chaka ndi chaka wa Angoni a Maseko ku Nkolimbo, ukuyandikira, ndipo ndikudziwa kuti m'nyumba zambiri ku Ntcheu makina akulira usiku, zitenje zikudulidwa zili m'mapindo ake a kusitolo.

Za kusoka ndi kumata sindikuuzani, mukuzidziwa kuposa ine. Chitani izi basi. Nyikani chitenje chonse m'madzi ozizira, mtundu uliwonse beseni lakelake, muchape ndi sopo pang'ono, osathira jiki, mutsukuluze mpaka madzi ayere. Yanikani pamthunzi podutsa mphepo, n'kusita chikadali ndi kachinyezi, chikongolanso. Nsalu ya m'kati muichapenso. Tengani kansanza koyera konyowa mukhule pangodya: kakatengabe utoto mutatsukuluza kangapo, chitenjecho chisayandikire gitala. Ngati mukukayika kuti ndi thonje, otchani kachidutswa. Thonje limanunkha pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa, poliyesitala imasungunuka n'kuuma kambulu kolimba, ndipo guluu woyera saigwira bwino. Pagitala palani pang'ono ndi sandipepa, guluu akhale wopyapyala, mumate kumsana ndi m'mbali mokha, mudikire masiku awiri. Vanishi pakani masana dzuwa likuwala, chifukwa pachifunga amayera mbuu. Kwa ogula okayikira aja, dulani kachidutswa ka m'mphepete musanachape, mukasunge m'thumba la chikwamacho kuti adzionere okha kuti nsalu inali yatsopano.