Apolisi akakuimitsa chifukwa cha liwiro pa M1

Mphwanga, poyendetsa minibasi, ukatsika zitunda za ku Thabwa n'kuwoloka mlatho wa Kamuzu, msewu umawongoka mpaka ku Nchalo, ndipo phazi limayamba kulemera lokha. Apolisi a pamsewu amazidziwa zimenezi, n'chifukwa chake amakonda kuima ndi kamera pafupi ndi misika, pamene chikwangwani chikulamula kuchepetsa liwiro.

Akakukwezera dzanja, ima pambali, tsitsa wailesi, upereke laisensi. Zoti "bwana, ndikuthamangira odwala" anazimva kalekale. Pempha mwaulemu akuonetse nambala imene kamera yawerenga. Ngati wapyoladi malire, lipira chindapusa, ulandire lisiti ya boma ya GR, ndipo usanachoke uonetsetse kuti ndalama imene yalembedwapo ndi yomwe wapereka. Kupereka ya m'manja popanda lisiti ndi katangale, mlandu winanso woposa woyambawo. Ukakhala kuti ukukana mlandu, nena kuti nkhani ipite ku khoti.

Chimapweteka kwambiri n'choti minibasi si yako. Chindapusacho chituluka m'thumba mwako, ndipo mwiniwake akamva kawiri, makiyi amapatsa wina.

Pa Ngabu ndi pa Bangula yamba kuponda mabuleki usanafike pamsika. Akabaza amatembenuka osayang'ana m'mbuyo, ng'ombe nazo zimawoloka m'chigulu, makamaka madzulo zikamabwerera ku khola.