Momwe mungakonzere mkati mwa galimoto yakale kuno ku Thyolo

M'makomo ambiri a ku Luchenza, Bvumbwe ndi Makwasa mukadali galimoto zakale zimene eni ake sakufuna kuzitaya, monga Peugeot 404 imene inayamba kupangidwa mu 1960, mng'ono wake 504 wa 1968, Datsun, ndi ma Land Rover amene ankayenda m'minda ya tiyi. Injini zambiri zikulirabe bwinobwino, koma mkati ndi momwe mwatha. Ine ndinakonza 504 ya malemu bambo anga, ndipo ndinalakwitsa poyambira kugula nsalu ya mipando. Mvula imodzi yokha inakwanira kuti mipando yatsopanoyo ichite chuku. Kwathu kuno mdani wa galimoto ndi madzi, ndipo ntchito yonse iyenera kuyambira pamenepo.

Musanagwire sipanala, chotsani waya wa batire wopita ku bodi ya galimoto. Pa galimoto zambiri ndi wa negative, koma zina zakale za ku Britain ndi wa positive, choncho yang'anani kaye. Kenako jambulani chilichonse ndi foni: mipando, zitseko, kunsi kwa dashibodi, momwe mawaya adutsira. Mabawuti a malo amodzi aikeni m'kajumbo kawo n'kulembapo dzina. Pakatha miyezi itatu simudzakumbukira kuti kasikuluwu kaja kanachoka pati.

Tulutsani mipando, kapeti ndi matabwa a zitseko. Ngati galimoto yakhala nthawi yaitali osayenda, mupezamo zisa ndi ndowe za makoswe. Valani chotchinga pakamwa ndi magolovesi, nyowetsani ndowezo ndi madzi a Jik musanazichotse kuti fumbi lake lisakulowereni m'chifuwa. Koma chonde musataye kanthu. Nsalu yong'ambika, kapeti yoola, thabwa lopindika, zonsezi ndi zimene mudzadulirepo zatsopano, ndipo palibe sitolo ku Limbe imene ingakugulitseni muyeso wake.

Tsopano fufuzani polowera madzi. Apa musathamange. Mmodzi akhale mkati ndi tochi, wina azithira madzi kunja ndi ndowa, kuyambira pansi kukwera m'mwamba, pang'onopang'ono, kuti muone pamene dontho loyamba latulukira. Kawirikawiri ndi labala wa galasi lakutsogolo amene wauma n'kung'aluka, malabala a zitseko, kapena timabowo totulutsa madzi kunsi kwa chitseko tatsekeka ndi matope. Pansi pa galasi lakutsogolo, polowera mpweya, pamaunjikana masamba amene amasunga chinyezi mpaka chitsulo kubooka. Anthu amaopa mvula ya Januwale yokha, koma chiperoni cha Juni ndi Julayi chimawononga mwakachetechete, chifukwa galimoto imakhala masiku angapo osaona dzuwa loti iume.

Madzi mukawatseka, pitani pa chitsulo cha pansi mkati mwa galimoto. Palani dzimbiri ndi bulashi ya waya ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, kenako bayani ndi sikuludiraiva. Pamene yalowa, wowotcherera adule n'kuikapo chitsulo china. Kumata ndi phala la bodi pamenepo ndi kudzinamiza, makamaka pomwe pamamangidwa mipando ndi malamba, chifukwa pangozi malo amenewo ndi amene amagwira munthu. Powotcherera, dziwani pomwe paipi ya mafuta yadutsa kunsi. A Land Rover musanyengeke poti bodi yake ndi ya aluminiyamu: chitsulo chotchinga injini, pomwe mumaponda mapazi, chimadyeka ndi dzimbiri kwambiri. Mukamaliza pakani red oxide, yoteteza chitsulo ku dzimbiri, kenako penti, ndipo zisiyeni ziume ndithu.

Mkati mukadali pululu chonchi ndi nthawi yoitana wa magetsi a galimoto kuti aone mawaya amene makoswe anatafuna. Kuchita zimenezi kapeti itamatidwa kale ndi kugwira ntchito kawiri.

Pobwezeretsa, yambani kumwamba. Denga la mkati la galimoto zambiri zakale ndi nsalu yokolekedwa pa tizitsulo topindika, ndipo tizitsuloti sitifanana kutalika, choncho tilembeni manambala pochotsa. M'mphepete mwa nsaluyo nthawi zambiri mumalowa pansi pa labala wa magalasi, ndiye ngati mukusintha labalayo, chitirani limodzi. Matabwa a zitseko dulani pa hadibodi yopyapyala potsata akale aja, pakani vanishi mbali zonse ziwiri, ndipo musaiwale kumata pulasitiki pakati pa chitsulo cha chitseko ndi thabwa. Kapulasitiki kameneka ambiri amakanyozera, koma ndi kamene kamaletsa thabwa kufufuma.

Pa mipando ndi pomwe pali luso. Fufuzani kaye chimango ndi masipuling'i, chothyoka chiwotchereredwe. Siponji gulani yolimba, osati ya matiresi otchipa imene imaphwa pakatha miyezi yochepa. Nsalu yakale isomoleni potsata msoko, chidutswa chilichonse chilembedwe kuti ndi cha pati, n'kupita nazo kwa wosoka mipando amene ali ndi makina aakulu ndi ulusi wa nayiloni. Makina osokera madiresi sangathe rekisini, nsalu yolimba yonga chikopa yovekera mipando. Mumuuze momveka kuti, "Bambo, mizere ya msoko ikhale momwe inalili." Ine sindikondwa kuona 504 itavekedwa mipando yofiira yonyezimira ngati ya m'minibasi; mtundu ndi mizere yake yoyambirira ndi zimene zimaipatsa ulemu. Poveka, yanikani rekisini padzuwa kaye kuti ifewe, ikokeka bwino popanda makwinya.

Guluu wa contact, womatira nsalu ndi kapeti, amapakidwa mbali zonse ziwiri, n'kudikira mpaka asiye kumata chala, kenako n'kugunditsa. Akagwira wagwira, ndiye lunjikani bwino. Gwirirani ntchito panja, kutali ndi mbaula kapena ndudu, chifukwa fungo lake limayaka moto komanso limazunguza mutu.

Dashibodi ingoitsukani ndi sopo wofewa ndi kansalu konyowa. Thinala imasungunula pulasitiki ndipo imafufuta manambala a pa mawotchi.

Kapeti ibwere pomaliza, ndipo upangiri wanga kwa anthu a kuno ndi woti musaimate yonse pansi. Iduleni m'zidutswa, telala apinde m'mphepete, kuti mukachokera ku msika wa Bvumbwe ndi matope ofiira kumapazi muzitha kuitulutsa n'kuiyanika. Pomanga mipando ndi malamba bwezerani mabawuti ake enieni, kapena olimba mofanana nawo, osati ongotola. Mukatero galimoto izigona pansi pa denga, osati yokutidwa ndi pulasitiki imene imatsekera chinyezi mkati, ndipo tsiku lililonse limene dzuwa lawala bwino, tsegulani zitseko zonse kwa ola limodzi kapena awiri.